Tsiku Limene Ndinayetsemulitsa Tchalitchi Chonse

Matalala anagwa Loweruka masana, ndipo anachita kusankha. Munda wa a Esau anangoudumpha, wanga anaunyambita m'mphepete, koma atafika pamunda wa Lefina anakhazikika ngati alendo oitanidwa. Pamene mvula inkakata, fodya wake yense wa bale, amene anali atafika m'chiuno, anali nsanza zokhazokha. Masamba pansi, mapesi ali chilili ngati anthu ovulidwa malaya pamsika.

Lefina ndi mkazi wa malemu Sankhani, mwana wa mchimwene wanga. Ine ndine Fainala, koma mudzi wonse umangoti azakhali, ngakhale aja anandiona ndikubadwa. Sankhani anatisiya mu Ogasiti atadwala miyezi itatu. Lefinayu kwawo ndi ku Phalombe. Makolo ake anabwera kuno kudzagwira utenanti pa esiteti, iye n'kukodwa ndi mwana wathuyo, makolo n'kubwerera okha. Mwamuna atamwalira, anthu ankati sachedwa, anyamuka. Sananyamuke. Anafesa nazale yekha, kuthirira yekha ndi makeni awiri, kuokera yekha mu Disembala ana ake awiri ali kusukulu. Fodya uja anakula moti odutsa panjinga ankatsika kuti amuone bwino. Ndiye abwere matalala.

Lolemba kunabwera alangizi. Anazungulira munda, n'kunena kuti fodya wotere safa msanga. Ukadula mapesi kusiya ngati chikhatho kuchokera pansi, amaphukanso, iwe n'kusiya mphukira imodzi paphesi lililonse. Sangafanane ndi woyamba uja, koma umakololako. Chachikulu n'kudula sabata isanathe. Lefina anawamvetsera mwaulemu, n'kuwathokoza, n'kulowa m'nyumba kukamanga katundu.

Ndinamutsatira.

"Amake Olive, matumbawa akupita kuti?"

"Ku Phalombe, azakhali. Achimwene akuti ndibwere ndi ana. Lachinayi m'mawa ndikwera matola."

"Nanga zija anena alangizi?"

"Ndidule kuti aphuke, akaphuka adzagendedwenso? Ndatopa ine. Bambo a Olive akudwala ndinapemphera kolona mpaka timikanda kusalala. Anapita. Ndinati chabwino. Ndapempha mvula, Mulungu wanditumizira miyala. Munthu akamakugenda pakhomo pake, umachokapo."

Ine pakamwa panga sipauma, koma tsiku limenelo ndinangoti, "Thumbalo mwamanga mokhota," n'kutuluka.

Ndinapita kuseri kwa chigafa changa choyanikira fodya kukalankhula ndi Ambuye, chifukwa kumeneko n'kumene timamvana bwino. Ndinati, "Ambuye, Lenti ikuyamba mkuja. Anzanga asala nyama. Ine nyama sindingasale, mukudziwa nokha kuti ndinaionako pa Khirisimasi, nayonso inali m'mbale ya eni ake. Chimene ndili nacho ndi mphunoyi. Ndikusiyirani fodya wanga masiku makumi anayi onse. Inu mundisiyire Lefina ndi ana."

Musaone ngati ndinapereka chinthu chaching'ono. Fodya wa m'mphuno ndinamuyamba ndisanakwatiwe, ndipo amuna anga awiri anandisiya iye akadalipo. Komanso amene ndinali nayeyo sanali fodya wamba. Chaka chilichonse Sankhani ankandibzalira mizere iwiri ya labu, fodya wakuda waukali uja, kuseri kwa chigafa chake, kumuyanika yekha, Lefina n'kundiperera pamphero. M'kabotolo kanga munali wotsiriza wa m'manja mwake. Ndinkachita kutsina pang'onopang'ono ngati mchere wopempha.

Tsono kutchalitchi kwathu, kanthambi kakang'ono ka parishi ya Nkhamenya, ntchito yokonza phulusa lolemba pamphumi poyamba Lenti ndi yanga. Masamba a kanjedza amene tinanyamula chaka chatha, aja timatsomeka kudenga, aliyense amabweretsa kwa ine. Lachiwiri ndinawatentha m'phale, kuwapera, kuwasefa mpaka phulusa kuchita fwa ngati ufa, n'kulithira m'kabotolo ka mankhwala ka kuchipatala. Fodya wanga nayenso amakhala m'kabotolo ka mankhwala ka kuchipatala. Kwathu kuno timabotolo timeneti sititaya. Tonse tiwiri tofiirira, tonse tiwiri tazotsekera zoyera. Koma ine ndine munthu wanzeru. Ndinati phulusa ndimanga kunsonga ya chitenje ya kumanzere, fodya kunsonga ya kumanja. Phulusa ndikapereka kwa akatekisiti. Fodya ndikamusungitsa kumapazi kwa chifanizo cha Amayi Maria, chifukwa kumusiya m'nyumba mwanga n'kudziputa dala.

Lachitatu m'mawa ndinakagogoda kwa Lefina.

"Valani, tipite ku Misa."

"Azakhali, ndinakuuzani kale. Ine ndi Mulungu sitikulankhulana."

"Ndamva. Koma mwakhala m'mudzi muno zaka khumi ndi ziwiri. Kwa a Esau mukatsanzika?"

"Ndikatsanzika."

"Kwa apongozi anu?"

"Ee."

"Ndiye Mwini wake wa mudzi, wa munda, wa mvula, mungomuzemba ngati tenanti wothawa ndi makasu? Pitani mukamuuze pamaso kuti mwandilakwira, ine ndapita. Mukamukalipire m'nyumba mwake momwemo. Ine ndikakuthandizani, mawu ndili nawo ambiri."

Anatenga mpango.

"Ndikupita kukatsanzika basi. Musayembekeze zina."

Panjira pali kamtsinje, ndipo mvula ija inali itakadzaza. Ndinakwinya chitenje, kuwoloka, kutsidyako n'kuchimasula, kuchikutumula, n'kuchivalanso bwinobwino. Amayi amene mukuwerenga mwadziwa kale. Chitenje ukachitembenuza, nsonga ya kumanzere imapita kuti? Ine sindinaganizeko. Mutu unali pa matumba aja.

Titafika ndinamasula nsonga ya kumanzere, n'kupereka kabotolo kwa a Nelson, akatekisiti athu. A Nelson anali ndi chimfine choti ngakhale mukanawotcha mphira pamphuno pawo sakanamva. Anakhuthulira m'kambale, n'kuti, "Chaka chino lada bwino, azakhali." Ine ndinati, "Ndi luso." Kenaka ndinagwada pa Amayi Maria, n'kubisa kabotolo kenako kuseri kwa mapazi awo. Ndinawanong'oneza kuti, "Mayi, sungani. Ngakhale ndibwere ndikulira, musandipatse."

Bambo Prosper anafika panjinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Ndi wansembe wachinyamata, wobadwira m'tauni ku Lilongwe, woti fodya amangomuona pamalole. Kunja kunali mitambo, m'tchalitchi muli chimdima, lubani ali tolotolo. Analalika za kusala ndi kulapa, anadalitsa kambale kaja, kuwaza timadontho tiwiri ta madzi odalitsidwa, anthu n'kundanda. Ine ndi Lefina tinali kumbuyo kwenikweni. Ndinamukankhira kutsogolo kwanga kuti asathawe.

Woyamba anali a Esau, apampando a mphakati wathu. A Esau mphumi yawo inayambira pansidze n'kukathera kunkhongo, ndiye ansembe onse akawaona dzanja limamasuka. Bambo Prosper anatapa mokwanira, n'kulemba mtanda waukulu ngati wa pakhomo la chipatala.

"Kumbukirani kuti ndinu dothi, ndipo mudzabwerera kudothi."

"Ame... ame... etsiii!"

Anthu anangoti n'chimfine cha a Nelson chayamba kuyenda. Wachiwiri, etsi! Wachitatu anayesa kudzigwira, anafika mpaka pabenchi, n'kuphulika kawiri. A kwaya anali atalandira onse pamodzi kuti akapitirize nyimbo. Amayi Gladness, otsogolera, anakweza dzanja, kutsegula pakamwa kuti apemphe chifundo cha Ambuye, chimene chinatuluka ndi etsi wa mawu oyamba, a mawu achiwiri n'kuyankha, abambo a besi n'kutsendera pansi. Kunena zoona, sindinawamvepo akugwirizana chotero.

Ine mphuno yanga inadziwa mutu usanadziwe. Inayamba kunyevuka yokha ngati ya galu womva nyama. Ndinati, fungo ili ndikulidziwa. Ndinayang'ana nsonga za chitenje, ndinayang'ana kwa Amayi Maria, n'kuzindikira kuti timabotolo ndasinthanitsa.

Pano ndilape. Ndikanatha kufuula pomwepo. Koma mdyerekezi anakhala paphewa n'kundinong'oneza kuti, "Fainala, wasala kuyambira m'mawa. Uyu akugawa ndi wansembe, ndipo wamudalitsa. Khala chete ulandire wako." Ndinakhala chete mpaka anthu asanu ndi mmodzi atalandira. Pamene ndinkati nditsegule pakamwa, Lefina anali atafika kale kutsogolo.

Bambo Prosper, maso ali psuu, misozi ili mbwembwembwe, anamulemba mtanda. Lefina sanayetsemule. Sanasunthenso. Anakweza chala, kukhudza pamphumi, n'kuchibweretsa pamphuno. Anaima choncho, tchalitchi chonse chikumuyang'ana. Kenaka analankhula, osati mokweza, koma tonse tinamva.

"Uyu ndi fodya wa bambo a Olive."

Tchalitchi chinati zii. Kupatula a Esau, amene anali asanamalize.

"Mwati chiyani, mayi?" anafunsa Bambo Prosper.

"Ndi labu wa amuna anga. Ndinapera ndine."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Palibe anafunsa kuti wachita ndani. Zinandiwawa pang'ono zimenezo.

Ndinapita kutsogolo, n'kugwada. "Bambo, kulapa kwa m'kachipinda kuja tikusiye, poti tchimo laonekera pamphumi pa aliyense. Phulusa lili uko, Amayi Maria alisunga. Uyu mwadalitsayu ndi fodya wanga."

"Fodya wanu amafuna chiyani m'tchalitchi, azakhali?"

Ndikananama, koma ndinali nditagwada. Ndinafotokoza zonse: za chitenje, za kamtsinje, za pangano langa la kuseri kwa chigafa. Ndinati ndinauza Ambuye kuti atenge fodya wanga wotsiriza wa m'manja mwa Sankhani, andisiyire mkazi wake ndi ana ake, chifukwa akakwera matola mawa, ine mwana uja ndimuika m'manda kachiwiri. Mawu amenewo sindinawakonze. Anangotuluka okha.

Bambo Prosper anayang'ana chala chawo chakudacho, anayang'ana mpingo wawo wa maso ofiira. Anayesetsa kudzigwira, ndinawaona. Anakoka mpweya kuti alankhule zaulemu, ndipo mpweya umenewo ndi umene unawapereka. Anayetsemula mpaka kandulo imodzi kuzima.

Woyamba kuseka anali Lefina. Miyezi isanu ndi umodzi ndinali ndisanamve kuseka kwake. Kunayamba ngati chitseko cha dzimbiri, kenaka kunatseguka, tchalitchi chonse n'kugwera momwemo. Amayi Gladness anagwira m'mimba. A Nelson ankangofunsa kuti, "Kodi chachitika n'chiyani? Ine sindikumva fungo lililonse." Koma Lefina, kuseka kuja kunakhota pakati, kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kumene sanalire ngakhale pamaliro. Anakhala pansi pasimenti. Amayi a mphakati anamuzungulira, wina kumugwira phewa, wina kumukonza mpango. Palibe anamuuza kuti tonthola.

Atapuma, anayang'ana Bambo Prosper.

"Bambo, ine ndinabwera kudzakalipa. Ndinabwera kudzamuuza Mulungu kuti wandilakwira."

"Muuzeni, mayi. Muli m'nyumba mwake, ndipo akumva."

"Ananditengera mwamuna. Ndinapirira. Wanditengeranso munda. Akufuna ndidye chiyani ndi ana? Ndinamulakwira chiyani?"

Bambo Prosper anakhala pansi pomwepo, ndi zovala za Misa zomwe. "Chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo sindikunamizani kuti ndikuchidziwa. Koma funso lanulo Mwana wake analifunsanso ali pamtanda, kuti mwandisiyiranji. Anafunsa Lachisanu. Yankho silinabwere tsiku lomwelo, koma linabwera. Ndipo mawu aja ndimanena pamphumi panu, akuti ndinu dothi, ine wa m'tauni ndinkawaopa. Ndinaphunzira kwa inu alimi kuti dothi si mathero a chinthu. Mulungu anatola dothi n'kuliuzira mpweya, likuyenda mpaka lero. Sanaiwale mauziridwe ake."

Lefina anangopukuta m'maso.

A Nelson anakatenga kabotolo koona kuseri kwa chifanizo. Bambo anakanunkhiza kaye, katatu, asanadalitse. Anabweretsa ndowa ya madzi pakhomo kuti aliyense asukusule, tiyambirenso. Onse anasukusula kupatula Lefina.

"Uyu ndisamuchotse, Bambo. Ingolembani pamwamba pake."

Analemba pamwamba pake.

Ine ndinali womaliza. Bambo anandilemba kamtanda kakang'ono, n'kunong'ona kuti, "Wotsala m'kambale uja ndikusungirani ine ku Nkhamenya mpaka Pasaka." Ndinati, "Bambo, musamuyambe, ngovuta kusiya."

Pa zolengeza a Esau anaimirira, mphumi ili yofiira ngati phwetekere. Anati, "Mphakati wonse, mawa m'mawa ndi mipeni yathu kumunda kwa amake Olive. Tikafika tikaima m'malire. Munda ngwa eni. Akatiuza kuti dulani, tidula. Akapanda kutiuza, tiwanyamulira matumba mpaka kumsewu, tiwatsanzike bwino."

Pobwerera, pakamtsinje paja Lefina anandigwira dzanja powoloka, basi. Ine mtima uli m'mwamba, mphuno ili kuyabwa, wondithandiza palibe.

Lachinayi kunacha kopanda mtambo. Tinafika anthu makumi awiri ndi mphambu zingapo, ena ndi mipeni, ena ndi zikwakwa. Ngakhale a Tsoka, a mpingo wa Sinodi, anabwera. Anati nkhani ya dzulo inafika kwawo dzuwa lisanapendeke, ndiye amafuna aone ndi maso anthu opemphera ndi fodya pamphumi. Tinaima m'malire monga tinapangana. Pakhonde pa Lefina matumba atatu ali ndandanda, omangamanga. Chitseko chili chotseka.

Tinadikira. Mame anayamba kuuma. Amayi Gladness anayambitsa kolona chapansipansi, ife n'kumayankha, maso ali kuchitseko. Tili pakati, kumsewu kunamveka hutala ya matola, piii, piii, ija imaitana opita ku Kasungu boma.

Chitseko chinatseguka. Lefina anatuluka atavala diresi yake yapaulendo ndi nsapato. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana matumba, anayang'ana ife. Kenaka anayamba kuyenda, koma osati mothamanga, kubwera kumunda kuno. Ndinati akubwera kudzatsanzika.

A Esau, pofuna kubisa manyazi a kudikira, anali atawerama paphesi la m'malire, akuonetsa a Tsoka ndi mpeni, osadula, kungoloza. "Alangizi anati apa, pansi penipeni apa."

"Osati pamenepo, a Esau," anatero Lefina. "Mukadula pamenepo aphukira pati? Anati chikhatho. Ndipo mopendeketsa, kuti madzi asakhalepo."

"Chikhatho cha ndani? Changa kapena chanu?"

"Bweretsani kuno."

Anavula nsapato, n'kuziika pamzere. Analandira mpeni, anachita chizindikiro cha mtanda, anawerama, n'kudula phesi loyamba, tsee. Hutala inaliranso kumsewu, kenaka tinamva galimoto ikunyamuka, phokoso lake likuchepa mpaka kuzimirira. Lefina sanadzutse mutu. Anali paphesi lachinayi.

"Nanga mukuonerera chiyani?" anatero. "Aliyense mzere wake. Odula mokhota abwereza."

Anthu anakhamukira m'munda ngati ana otuluka kusukulu. Amayi Gladness anasiya kolona pakati n'kuyambitsa nyimbo yothamanga, yoti mu Lenti siiloledwa, koma a Nelson anayang'ana kumbali.

Ine ndinamusendera pafupi. "Amake Olive, nanga matumba aja?"

"Kamasuleni, azakhali. Lapakatilo muli poto wamkulu ndi masamba a tiyi. Anthu onsewa agwira ntchito kukhosi kuli gwa?"

Ndinathamanga, ine amene ndinasiya kuthamanga kalekale. Koma Lefina pomanga anamanga ndi mkwiyo, mfundo zake ngati za pabelo lopita ku okushoni. Zala zinakanika. Ndinachita kugwada pakhonde n'kumasula ndi mano, ndipo mano ndatsala nawo anayi.